Fupa la mwana likamawawa miyezi koma kachilombo osapezeka

Pali matenda ena a mafupa mwa ana omwe makolo ambiri sitinawamvepo olo kamodzi, ndipo ngakhale azachipatala ena anangowawerenga m'buku koma sanawaonepo ndi maso. Fupa limatupa mkati mwake, mwana amalira nalo kwa miyezi, kenako limakhala ngati lasiya, nde mukati tapuma, lina layamba kwina. Mukapima magazi simupeza kachilombo, akatenga kachidutswa ka fupalo kupita nako ku labu sikumera kanthu. Madokotala amawatchula kuti CNO, ena amati CRMO, dzina lonse la CNO ndi chronic nonbacterial osteomyelitis, kutanthauza kutupa kwa fupa kokhalitsa kopanda mabakiteriya. Mwana wanga wamkazi ali nawo, ndipo ndikulemba izi makamaka kwa inu makolo anzanga amene mwana wanu wamwa kale maantibayotiki mobwerezabwereza koma mwendo ukungowawabe, ndipo mwayamba kuuzidwa kuti mwina ndi maganizo chabe kapena akungofuna kujomba ku sukulu.

Chomwe ndikufuna mugwire pa nkhani yonseyi nchakuti ululu ukachepa sikuti matenda agona ayi. Apa mpomwe anthu ambiri amasocherera, makolo ndi madokotala omwe, kuyambira pofufuza mpaka pochiza.

Kwa ife zinayambira mmunsi mwa bondo lamanzere ali ndi zaka 9. Masana ankasewera ndithu, kuthamanga ndi anzake, koma usiku pakati umangomva akuitana, Amayi, Amayi mwendo wanga ukuluma mkati. Ndikafunsa pati, sankasisita mwendo wonse, ankaloza ndi chala chimodzi malo amodzimodzi tsiku lililonse, pamwamba pa msongolo pomwe fupa limakumana ndi bondo, ndipo ndikadinapo ankachotsa dzanja langa. Aliyense amene ndinkamuuza ankati ndi kukula kumeneko, ana onse amatero. Kupweteka kwa miyendo kwa ana akamakula kulipodi, sindikukana, koma kumakhala kwa miyendo yonse iwiri, m'minofu ya kutsogolo kwa ntchafu kapena m'akatumba, mukamusisita amagona, mmawa amadzuka ali gwa ngati palibe chinachitika. Sikumatupitsa, sikumatsimphinitsa mwana, ndipo mwana sangakulozereni ndi chala chimodzi. Mwana akamadzuka mmawa akutsimphina, kapena malo amodzi akhala akuwawa masabata ndi masabata, chonde musavomere mau akuti ndi kukula.

X-ray yoyamba inatuluka yabwinobwino. Izi zimachitika kwambiri chifukwa X-ray imayamba kuona fupa litadyeka kale ndithu, kutupa kwa mkati mu mongo sikuoneka. Magazi nawo analibe nkhani, zija amapima kuti aone ngati thupi latupa, ESR ndi CRP, zinangokwera pang'ono, ndipo ana ena a CNO zimakhala bwinobwino kumene. Nde mukuona mmene mwana amagwera mu mpata, chithunzi chili bwino, magazi ali bwino, thupi silikutentha kwenikweni, amabwerera kunyumba ndi panado basi. Patapita miyezi X-ray ina inaonetsa kachibowo pafupi ndi pomwe fupa limakulira, ndie anati ndi osteomyelitis wa mabakiteriya, tinagonekedwa, dripu ya maantibayotiki, kenako mapilisi kwa masabata angapo.

Pamenepa ndisanamizire munthu, kuyamba ndi maantibayotiki sikunali kulakwa. Osteomyelitis weniweni wa mabakiteriya, nthawi zambiri wobwera ndi kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, amaononga fupa m'masiku ochepa ndipo akhoza kulowa m'magazi nkupha mwana, nde dokotala amene akukayika amachita bwino kuchiza kaye choopsa chija. Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi zomwe zinatsatira. Ululu unabwerera, kachilombo sanakapezepo ngakhale kamodzi, koma yankho linali lomwelija, tisinthe mankhwala tipereke amphamvu kuposa aja. Ndinafunsa dokotala wina kuti adokotala, ngati kachilomboko sikakuoneka ndipo mankhwala sakugwira, sizingakhale zina? Anandiyankha asakundiyang'ana nkomwe kuti mayi, musamawerenge kwambiri za pa intaneti. Mwana ali apo manja onse ali zipsera za singano za dripu, mimba ikumuvuta ndi mankhwala omwe sankawafunika.

Chinatsegula maso a anthu ndi fupa lopingasa lija la mmunsi mwa khosi lopita paphewa, clavicle. Tsiku lina ndikumuthandiza kuvala diresi ndinaona mbali imodzi yatukuka pafupi ndi pakati pa chifuwa, yolimba, yofunda pang'ono, iye nkuti inde Amayi pamawawa ndikanyamula chikwama. Dokotala wa ana amene anationa ulendo umenewo anangogwirapo nkukhala chete kaye, kenako anayamba kufunsa mafunso omwe palibe anafunsapo, za khungu, za m'mimba, za msana, ngati kubanja kuli wina wa matenda a khungu otchedwa psoriasis. Mabakiteriya sakonda kugwira clavicle, koma CNO imalikonda kwambiri fupa limeneli, moti dokotala wodziwa akaona mwana watupa pamenepo ndipo alinso ndi malo ena owawa, maganizo ake amathamangira komweko.

Matendawa si atsopano. Anawafotokoza koyamba mu 1972 dokotala wa zithunzi za ana wa ku Zurich ku Switzerland, Andres Giedion, pamodzi ndi anzake, ataona ana omwe mafupa awo ankatupa mbali zonse ziwiri mofanana popanda kachilombo. Dzina loti CRMO, lotanthauza kutupa kwa mafupa kobwerezabwereza m'malo ambiri, linabwera mu 1978 kuchokera kwa madokotala aku Sweden. Masiku ano ambiri amakonda kunena CNO chifukwa si ana onse amakhala ndi malo ambiri kapena kubwerezabwereza, ena ndi fupa limodzi lokha. Amakonda kuyamba pakati pa zaka 7 ndi 12, ndipo atsikana amakhala ochuluka kuposa anyamata, pafupifupi kawiri. Ku Germany atawerengera anapeza ana pafupifupi 4 pa miliyoni iliyonse pachaka, koma akatswiri ambiri amakhulupirira kuti alipo ochuluka kuposa pamenepo, kungoti akulembedwa m'mafailo ngati matenda ena. Ndipo nzachizolowezi kuti mwana athe chaka kapena kuposa akuzungulira asanauzidwe dzina la chomwe chikumuvuta.

Nanga chimayambitsa nchiyani ngati si kachilombo? Ndi chitetezo cha m'thupi mwa mwana yemweyo. Thupi lili ndi asilikali oyamba aja omwe amathamangira paliponse pavulala kapena palowa kachilombo nkuyambitsa kutupa, ndipo ntchito ikatha pamayenera kubwera uthenga woti basi siyani. Mwa ana a CNO timauthenga toyambitsa kutupa, monga TNF, IL-1 ndi IL-6, timakhala tambiri, pomwe toletsa monga IL-10 timachepa. Kutupa kumeneku kumadzutsa maselo otchedwa osteoclast omwe ntchito yawo ndi kugumula fupa lakale kuti latsopano limangidwe, nde amagumula mopitirira muyezo, thupi nalo limayesa kukonza mwachangu nkumanga fupa lokhuthala losalongosoka. Nchifukwa chake pa chithunzi umaona pena pali bowo, pena payera kwambiri, pena fupa lanenepa. Si matenda opatsirana, si khansa, sabwera chifukwa mwana anagwa, ndipo palibe chomwe kholo linachita kapena kulephera kuchita. Ndikunena izi chifukwa azimayi timadziimba mlandu msanga.

Pali mitundu ina yosowa kwambiri yochokera ku majini mwachindunji, yomwe imayamba mwana akadali khanda, monga Majeed syndrome yomwe imabwera limodzi ndi kuchepa magazi, ndi ina yotchedwa DIRA. Mwana wosakwana zaka 2 akakhala ndi zizindikiro za CNO madokotala amaganizira zimenezi. Kwa akuluakulu kuli m'bale wake wotchedwa SAPHO. Koma ana ambiri ngati wanga alibe jini imodzi yomwe ungailoze.

Tsopano gawo lowawitsa mtima kwa kholo, kufufuza. Palibe kupima magazi kulikonse komwe kumatuluka kuti CNO positive, kulibe. Dokotala amafika pa dzinali atachotsa kaye zina zonse zomwe zimaoneka mofanana, ndipo mndandanda wake ukaumva miyendo imazizira. Khansa ya m'magazi, leukemia, imayamba ndi kuwawa mafupa usiku mwa ana ambiri. Pali khansa za m'mafupa, Ewing sarcoma ndi osteosarcoma, pali khansa ina yotchedwa lymphoma, pali Langerhans cell histiocytosis yomwe imabowola mafupa ndipo pa chithunzi imafanana nayo zedi. Pali TB ya m'mafupa, makamaka ya msana. Pali sickle cell yomwe imawawitsa mafupa mobwerezabwereza. Ngakhale kusowa vitamini C mwa mwana wosankha kwambiri zakudya kumatha kuonetsa zithunzi zofanana. Nde dokotala akakuuzani kuti tiyenera kuona kaye ngati si khansa, sikuti akukuopsezani kapena wapeza kale kanthu, akuchita ntchito yake mmene iyenera kuchitikira. Ndipo chonde, chonde, mwana asapatsidwe masteroid ngati prednisolone asanatsimikize kuti si leukemia, chifukwa masteroid amabisa leukemia kwa kanthawi, mwana amaoneka wachira, kenako imabwerera itavuta kuipeza komanso kuichiza.

Chida chomwe chimathandiza kwambiri ndi MRI ya thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ilibe radiation, mosiyana ndi sikani ya CT, ndipo imaona madzi a kutupa mkati mwa mongo X-ray isanaone chilichonse. Wanga anagona mmenemo nthawi yaitali ndithu atamuveka zotseka m'makutu chifukwa chimakinacho chimagogoda mokweza, ine nditakhala kumapazi kwake nditagwira chala chake chachikulu cha kuphazi poti ndi pokhapo ndinkafikira, ndipo anandiuza tisanalowe kuti Amayi ndikagwedeza chala ndiye kuti ndili bwino. Chinkagwedezeka pakapita kanthawi. Zotsatira zitabwera adokotala anatembenuza kompyuta kuti ndione, chithunzi chakuda cha thupi lonse la mwana wanga chili ndi timadontho toyera mbee. Pabondo paja, pa clavicle paja, izo ndinkazidziwa. Koma panalinso pa kakolo wa mwendo winawo, m'chiuno, ndi pa kafupa kamodzi ka msana pakati pa mapewa. Malo amenewa sanadandaulepo olo tsiku limodzi.

Pamenepo mpomwe ndinamvetsa matendawa. Ali ngati moto wa mu utuchi, pamwamba pali zii, ukaponda mpomwe umadziwa kuti pansi pakunyeka. Malo osawawa amenewa ndi ofala mwa ana a CNO, ndipo amathandiza m'njira ziwiri. Choyamba amathandiza kudziwa matenda, chifukwa malo ambiri, kumapeto kwa mafupa ataliatali pafupi ndi pokulira, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, ndi kaonekedwe ka CNO, mabakiteriya nthawi zambiri amagwira fupa limodzi. Chachiwiri, ndipo ichi nchofunika kwambiri, amaonetsa msana. Kafupa ka msana kakatupa kamafooka, kakhoza kuphwanyika nkuphwatalala mwana akungoyenda bwinobwino, ndipo kakaphwatalala sikabwereranso mwakale kwenikweni, msana ukhoza kupindika. Nchifukwa chake ndimauza kholo lililonse kuti ngati MRI ya thupi lonse palibe komwe muli, pemphani olo ya msana wonse pamodzi ndi malo akuwawawo. Ena amagwiritsa sikani ina ya mafupa yotchedwa bone scan, imathandizako koma ili ndi radiation ndipo mwa ana imasokoneza chifukwa malo okulira mafupa amawala kale mwachibadwa.

Pa nkhani ya msana ndi TB ndionjezere pang'ono chifukwa zimasokonezedwa. TB ya msana imakonda kudya timafupa tiwiri toyandikana pamodzi ndi kakhushoni ka pakati pake, ndipo imapanga thumba la mafinya pambali. CNO nthawi zambiri simapanga mafinya ndipo imatha kudumphadumpha, apa kamodzi, apo kamodzi. Koma chithunzi chokha sichokwanira kuweruza, dokotala amafunsa ngati panyumba pali wodwala TB, amajambula chifuwa, amapima, ndipo akakayika amatenga kachidutswa.

Kutenga kachidutswa ka fupa, biopsy, si ana onse amafunika. Ngati malo ndi ambiri, ali mmene CNO imakhalira, mwana akuoneka wathanzi, magazi ali bwino, madokotala ena odziwa amadumpha. Pali ndondomeko zowathandiza kuganiza, monga Jansson score ya mu 2009 ndi Bristol criteria ya mu 2016. Koma ngati ndi malo amodzi okha, kapena mwana akuonda, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, maselo a magazi asokonekera, kapena fupa lake ndi lachilendo kwa CNO monga chigaza, biopsy ndi yofunika ndipo musaikane. Wanga anamutenga pa clavicle. Kudikira zotsatira zimenezo sindingakufunireni, umadya osamva kukoma, umagona maso ali gwa. Zinabwera kuti maselo a kutupa okhaokha, palibe khansa, palibe TB, palibe kachilombo kamera.

Dokotala woyenera kutsogolera chithandizo ndi wa matenda a nyamakazi mwa ana, paediatric rheumatologist, ngakhale ambiri timayambira kwa a mafupa ochita maopaleshoni. Opaleshoni yopala fupa simachiza CNO, imangosiya chipsera, kupatula ngati pali china chapadera chofunika kukonza.

Mankhwala oyamba amadabwitsa anthu chifukwa ndi wamba, gulu lija la ibuprofen, lomwe amati NSAID, ndipo ambiri amapereka naproxen. Kholo umamva ngati akukupeputsa, miyezi yonseyi nkundipatsa mankhwala a mutu? Koma kusiyana kwake nkwakuti apa sakuperekedwa ngati opha ululu omwa pokhapokha pakawawa ayi, akuperekedwa kuti azimitse kutupa, nde amamwa tsiku lililonse pa nthawi yake, mulingo wotengera kulemera kwa mwana, kwa miyezi, ngakhale masiku omwe akudumpha chingwe panja. Apa mpomwe ambiri amagwa, mwana wasiya kulira, mayi akuti mankhwala ambiri amaononga impso tisiye, patapita masabata zayambiranso. Nkhawa ya impso ndi ya m'mimba ndi yoona, nchifukwa chake amamwa atadya, amamwa madzi okwanira, amapimidwa magazi nthawi ndi nthawi, ndipo akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza mumaimitsa kaye nkufunsa adokotala. Osaphatikiza awiri a gulu limodzi, naproxen ndi ibuprofen limodzi ayi. Akamadandaula m'mimba kapena chimbudzi chada bii, thamangani. Koma kusiya panokha chifukwa mwana akuseka, ayi.

Ana ambiri ndithu amapeza bwino ndi NSAID yekha. Koma akamwa mwezi kapena kuposerapo osasintha, kapena ngati msana wakhudzidwa ngati wanga, sadikiranso, amakwera sitepe ina. Mu 2018 gulu la madokotala a nyamakazi ya ana la ku North America lotchedwa CARRA linatulutsa njira zitatu zomwe anagwirizana. Ina ndi methotrexate kapena sulfasalazine. Ina ndi mankhwala otseka TNF, pena pamodzi ndi methotrexate. Ina ndi gulu la bisphosphonate, pamidronate kapena zoledronic acid. Mankhwala onsewa anapangidwira matenda ena nkubwerekedwa, nde dokotala amasankha potengera mwana amene ali patsogolo pake, mafupa ati agwidwa, ali ndi vuto la khungu kapena matumbo, ndi zomwe zingapezeke. Masteroid amatha kuperekedwa masiku ochepa kuti azimitse ululu waukulu, koma osati kwa nthawi yaitali chifukwa iwonso amafooketsa mafupa ndi kuchedwetsa kukula.

Ife tinapita ku pamidronate chifukwa cha msana, ndi yomwe madokotala ambiri amathamangira msana ukakhudzidwa. Imagwira maselo ogumula fupa aja nkuwachepetsa liwiro, ndipo madokotala a ana anali ataizolowera kale pochiza ana obadwa ndi mafupa osachedwa kuthyoka. Imaperekedwa pa dripu kwa maola angapo, ena masiku atatu otsatizana pakatha miyezi itatu iliyonse, ena kamodzi pamwezi. Asanayambe anapima calcium, vitamini D ndi impso, anatitumizanso kwa dokotala wa mano kuti ngati pali dzino lofunika kuzula lizulidwe kale. Nesi anatichenjeza kuti ulendo woyamba thupi limatentha, ndipo zinaterodi, usiku wake anatentha, mutu, thupi lonse kuphwanya ngati chimfine chachikulu, akunjenjemera m'bulangete nkumandifunsa kuti Amayi mankhwalawa si olakwika? Pakutha masiku awiri zinatha, ndipo maulendo otsatira sizinabwerenso choncho. Chomwe sindidzaiwala nchakuti patangopita masiku ochepa anagona usiku wonse osadzuka, ine ndi amene ndinkadzuka kukamuyang'ana. Dziwaninso kuti mankhwalawa amakhala m'mafupa zaka zambiri, nde kwa atsikana osinkhuka dokotala amakamba nawo za mimba, asachite manyazi kufunsa.

Za otseka TNF ndimazimva kwa makolo anzanga omwe timacheza nawo pa gulu. Adalimumab ndi jakisoni wa pakhungu pakatha masabata awiri aliwonse, etanercept sabata iliyonse, infliximab ndi wa dripu. Amathandiza kwambiri makamaka mwana akakhalanso ndi nyamakazi m'mfundo kapena matenda a matumbo, kungoti etanercept sagwira ntchito pa matenda a matumbo otchedwa Crohn's. Popeza amatsitsa chitetezo, asanayambe mwana amayenera kupimidwa TB, ngakhale yogona ija yosaonetsa zizindikiro, chifukwa mankhwalawa amatha kuidzutsa, komanso hepatitis B. Katemera wa tizilombo tamoyo saperekedwa ali pa mankhwalawa, ndipo akatentha thupi simudikira mawa. Chodabwitsa nchakuti ana ena amatuluka zotupa za psoriasis chifukwa cha mankhwala omwewo. Methotrexate naye ndi wa kamodzi pa sabata, ndibwereze, kamodzi pa sabata osati tsiku lililonse, anthu amwalirapo chifukwa chosokoneza zimenezi, amamwera limodzi ndi folic acid ndipo chiwindi chimapimidwa pafupipafupi. Ana ambiri amachita naye nseru.

Ndatchula khungu ndi matumbo kangapo, ndifotokoze. CNO simayenda yokha nthawi zonse. Ana ena amatuluka timatuza tamafinya m'zikhatho ndi pansi pa mapazi, topanda kachilombo natonso, ena psoriasis, zigamba zofiira zokhala ndi mamba, ena ziphuphu zazikulu zoopsa. Ena amakhala ndi kutupa kwa matumbo, Crohn's kapena ulcerative colitis, ndipo pena mafupa amayamba zaka matumbo asanaonetse. Nde mwana wa CNO akayamba kutsegula m'mimba kosatha, magazi m'chimbudzi, kuonda, kusakula, zilonda mkamwa, musati ndi zina izi, muuzeni dokotala wake wa CNO yemweyo. Ine ndimayang'ana zikhatho zake ndi mapazi pafupipafupi, zalowa m'magazi.

Moyo wa tsiku ndi tsiku uli ndi zake. Vuto lalikulu la mwana wa CNO nlakuti saoneka wodwala. Lero akuthamanga, mawa akulephera kukwera masitepe, nde aphunzitsi ndi anzake amayamba kumukayikira, ena mpaka kumunena kuti ndi waulesi. Ndinachita kupempha kalata ya adokotala nkukakhala pansi ndi aphunzitsi ake, kuwafotokozera kuti akati sindingathe lero amukhulupirire, asamukakamize kuthamanga, chikwama chisamalemere, ndipo masiku a dripu azimusungira ntchito. Msana uli wotupa analetsedwa zodumpha ndi masewera ogundana, koma sanauzidwe kuti agone ayi. Kugona kumafooketsa minofu ndi mafupa omwe. A physio anamuphunzitsa zolimbitsa msana ndi ntchafu, ndipo kusambira kumathandiza ana ambiri poti madzi amanyamula thupi. Mtima wake nawo umafunika kuusamala, mwana amene wakhala chaka akuuzidwa kuti ukunama amayamba kubisa ululu, wanga ankabisa kuopa jakisoni ndi kugonekedwa, ndinachita kumulonjeza kuti kunena kuti pakuwawa sikutanthauza kuti tikupita kuchipatala pompo.

Palinso mbali inayo yomwe makolo sitikonda kumva. Pena MRI imaonetsa kuti kutupa kwatha koma mwana akumvabe ululu. Sikuti akunama, mitsempha yomwe yakhala ikulira nthawi yaitali imazolowera kukuwa. Zikatero kuonjezera mankhwala amphamvu sikuthandiza, chimathandiza ndi physio, tulo tabwino, kubwerera ku sukulu pang'onopang'ono ndi akatswiri a ululu kapena a maganizo. Nde mukuona, ululu ukhoza kukhalapo matenda atagona, ndipo matenda akhoza kukhala maso ululu palibe, nchifukwa chake sitingayendere kulira kwa mwana kokha.

Ine ndili ndi kabuku komwe ndimalemba tsiku, pomwe pawawa, ngati kwamudzutsa usiku, ngati watsimphina, ndi mankhwala omwe wamwa. Pakatupa ndimajambula pa foni. Malipoti onse a sikani ndi a labu ndimasunga makope anga, chifukwa ukakumana ndi dokotala watsopano amene sanawaonepo matendawa, ndipo mudzakumana nawo ambiri, pepala lolembedwa kuti culture negative, kutanthauza kuti ku labu sikunamere kachilombo, ndi lomwe limaletsa kuti mwana ayambitsidwenso maantibayotiki. Komabe mwana wa CNO akhoza kudwalanso osteomyelitis weniweni ngati mwana wina aliyense, makamaka ali pa mankhwala otsitsa chitetezo, nde akatentha thupi kwambiri, malo afiira, akukaniratu kuponda, ameneyo akaonedwe tsiku lomwelo, osangoti ndi zake zija.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti adzachira? Ana ambiri matenda amagona, ena kwa zaka, ena mpaka kalekale, ndipo amakula bwinobwino. Koma kubwerera nkofala, ngakhale patapita zaka, ndipo ena amalowa nawo ukulu. Akachedwa kuchizidwa ndi pomwe pamatsala zilema, mwendo wina kutalika kuposa unzake chifukwa kutupa kunali pa malo okulira, bondo kupindika, nsagwada kunenepa mbali imodzi, msana kukhota. Nchifukwa chake pa kliniki amamuyeza msinkhu, amamuweramitsa kuti aone msana, amayeza miyendo, ngakhale iye akunena kuti ali bwino.

Panopa wanga ali bwino, akupita ku sukulu, wayambiranso masewera. MRI yobwereza inaonetsa kuti pabondo ndi m'chiuno pazima, kafupa ka msana kaja sikanaphwanyike, koma pa clavicle pakadali kuwala pang'ono, nde adokotala anati naproxen apitirize kaye ngakhale iye akuti sakumva kanthu, ndipo za kuchepetsa tidzakamba tikaona sikani yotsatira. Anatiuzanso zomwe sitiyenera kudikira nazo tsiku la kliniki, msana ukayamba kuwawa mwatsopano, miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, kapena akayamba kuvutika kukodza kapena kudziipitsira, zimenezo ndi za tsiku lomwelo, usiku kapena masana.